Ravens ku Kansas City: masewerowa ali m'manja mwa amuna amene makamera sawatsata

Nkhaniyi inalembedwa masewero amene ikukamba asanachitike, choncho zaka za anthu, maudindo ndi matimu awo ndi za nthawi imeneyo, ndipo ikati chaka chatha ikunena ligi ya 2023. Lachinayi pa 5 Sepitembala 2024 ligi ya NFL, ya mpira wa ku America uja wa zisoti ndi zotchingira mapewa, ikutsegula chaka chatsopano pa bwalo la Arrowhead mumzinda wa Kansas City, ku Missouri. Mwambo wa ligiyi ndi wakuti timu imene inatenga chikho cha Super Bowl ndiyo kawirikawiri imalandira alendo pa masewero oyamba, ndipo ulendo uno eni bwalo ndi Kansas City Chiefs, alendo ndi Baltimore Ravens. Kumeneko kudzakhala kutangoda, koma kwa ife a ku Blantyre, Lusaka, Harare ndi Johannesburg idzakhala 2:20 usiku wakucha Lachisanu, tambala woyamba asanalire. Chiefs inatenga chikho mu Febuluwale 2023 itagonjetsa Philadelphia Eagles 38-35, n'kubwereza mu Febuluwale 2024 itagonjetsa San Francisco 49ers 25-22 ku Las Vegas. Palibe timu imene inatengapo Super Bowl katatu motsatizana, ndipo ulendo woyesa zimenezo ukuyambira pa masewero amenewa.

Otsatsa malonda aika nkhope ziwiri paliponse, ya Patrick Mahomes wa Chiefs ndi ya Lamar Jackson wa Ravens. Sakulakwa ayi. Aliyense mwa awiriwa anasankhidwapo kawiri kukhala wosewera woposa onse mu ligi, Mahomes mu 2018 ndi 2022, Jackson mu 2019 ndi 2023, ndipo pa maulendo asanu amene matimu awo anakumana iwo akutsogolera masewerowa asanafike, Jackson anapambana kamodzi kokha, 36-35 mu 2021. Koma amene anazolowera mpira wa miyendo adziwiretu chinthu chimodzi asanakhale pa mpando: anthu awiriwa sadzakhala m'bwalo nthawi imodzi. Timu iliyonse ili ndi gulu loukira ndi gulu loteteza, lililonse la osewera 11, ndipo amasinthana. Mahomes akalowa, Jackson amakhala pa benchi akuonera zithunzi pa tabuleti. Ndiye funso lakuti wamkulu ndani siliyankhidwa ndi iwo okha. Limayankhidwa ndi nkhondo za munthu ndi munthu zimene zimachitika mozungulira iwo, zina mwa izo pamalo pamene kamera siima ngakhale sekondi.

Kwa amene akuyamba kumene kuonera, malamulo ofunika ndi ochepa. Gulu loukira limapatsidwa mipata inayi kuti lisunthe mpira mayadi 10, ndipo yadi imachepera pang'ono pa mita. Lingathe kuthamanga nawo uli m'manja kapena kuuponya kutsogolo. Likakwanitsa, mipata inayi imayambiranso, likalephera mpira umapita kwa anzawo. Kulowa nawo kumapeto kwa bwalo ndiko touchdown, mapointi 6, ndipo kuumenya ndi phazi n'kudutsa pakati pa mitengo ndi mapointi 3. Quarterback, udindo wa Mahomes ndi Jackson, ndiye amalandira mpira poyamba n'kusankha kopita nawo. Kutsogolo kwake kumaima amuna asanu ojintcha, amene ine ndiwatchula kuti khoma, ndipo khomalo likabooka quarterback n'kugwetsedwa mpira uli m'manja, amati sack.

Bala la Januwale

Matimuwa anakumana komaliza pa 28 Januwale 2024 ku Baltimore, pa masewero olimbirana malo mu Super Bowl. Ravens inali itapambana masewero 13 mwa 17, kuposa timu ina iliyonse, inali pakwawo, ndipo inagonja 17-10. Amene anaonera sangaiwale zimene zinachitika chigawo chachinayi chitangoyamba. Ravens ikutsalira 17-7, mnyamata Zay Flowers analandira mpira chapakati, n'kudziponya kutsogolo atatambasula manja kuti mpirawo udutse mzere wa touchdown. Panatsala mtunda wosakwana yadi imodzi pamene L'Jarius Sneed wa Chiefs anafika chammbali n'kuumenya ndi nkhonya. Mpira unapulumuka m'manja, n'kugubuduka, Trent McDuffie n'kuugwera. Bwalo lonse linangoti zii. Patapita mphindi zingapo Jackson anaponyera Isaiah Likely amene anazingidwa ndi oteteza atatu, Deon Bush n'kuulanda.

Zolakwa zotere zimachitika, ndipo sindizo zimene zinawawa kwambiri masapota a Ravens. Chimene chinawawa ndi nambala imodzi yaing'ono: 6. Timu imene inatsogola ligi yonse pa kuthamanga ndi mpira, imene sabata yapitayo inali itathamanga mayadi 229 polikita Houston Texans, inapatsa othamanga ake Gus Edwards ndi Justice Hill mpira kasanu n'kamodzi kokha masewero onse, pamene Jackson anaponya maulendo 37. Chonsecho Buffalo Bills inali itangoonetsa sabata yomweyo kuti Chiefs imathamangika, itapeza mayadi 182. Ravens inachita phuma ngati ikutsalira ndi mapointi 30 pamene inkatsalira ndi 10 okha, ndipo Chiefs inasunga mpira mphindi zoposa 37 mwa 60. Chilichonse chimene Baltimore yachita kuyambira Malichi chikuchokera pa bala limeneli.

Chris Jones ndi khoma latsopano

Ine ndikuona kuti masewerowa adzagamulidwa apa. Mwa amuna asanu a khoma la Ravens la chaka chatha, atatu anachoka: Kevin Zeitler anapita ku Detroit Lions, John Simpson ndi Morgan Moses ku New York Jets. Atsala Ronnie Stanley kumanzere kwenikweni, amene wakhala akuvutika ndi kuvulala kuyambira mu 2020, ndi Tyler Linderbaum pakati, amene amayambitsa mpira poupatsira quarterback kudzera pakati pa miyendo. M'mbali mwa Linderbaum mwaikidwa anthu awiri amene nkhani zawo n'zokoma koma luso lawo pa malowa silinayesedwe.

Woyamba ndi Andrew Vorhees. Mu 2023, pa mayeso amene achinyamata ochokera kumakoleji amachita pamaso pa matimu onse, anaduka mtsempha wa m'bondo. M'malo mopita kwawo, anabwera ndi ndodo zoyendera n'kukanyamula chitsulo cha makilogalamu 102 maulendo 38, kuposa aliyense chaka chimenecho. Ravens inamutenga mu ndime yomaliza ya chisankho cha osewera ochokera kumakoleji, n'kumusiya chaka chathunthu kuti achire. Masewero a Lachinayi adzakhala ake oyamba enieni mu NFL. Wachiwiri ndi Daniel Faalele wa ku Melbourne, Australia, chimphona cha masentimita 203 ndi makilogalamu oposa 170. Iye anakulira kumapeto kwa khoma, kumene munthu amakhala ndi malo obwerera m'mbuyo n'kutambasula manja. Tsopano amulowetsa mkati, kumene zinthu zimachitika mopanikizana, mdani ali pamphuno pako, ndipo munthu wamtali amavutika kuwerama mokwanira kuti asalowedwe pansi. Kumanja kwenikweni kuli Patrick Mekari, amene amadziwika ndi kutseka mipata paliponse, ndi Roger Rosengarten amene wangochoka kumene kukoleji ya Washington.

Pamwamba pa zonsezi pali maliro. A Joe D'Alessandris, amene anaphunzitsa khoma la Ravens kuyambira mu 2017 ndipo ndiwo ankaumba achinyamatawa, anamwalira pa 25 Ogasiti ali ndi zaka 70, patangotsala masiku 11 kuti ligi iyambe. Ntchito yawo yatengedwa ndi George Warhop, munthu wodziwa, koma amene wafika miyezi yokonzekera itatha kale. Khoma si anthu asanu amphamvu chabe. Ndi anthu asanu amene ayenera kuona chinthu chimodzi nthawi imodzi, n'kupatsirana mdani popanda kulankhula, ndipo zimenezi zimabwera ndi kukhalira limodzi.

Amene akuwadikira ndi Chris Jones, nambala 95. Mu Malichi anasaina kontirakiti ya zaka zisanu ya madola 158.75 miliyoni, ndipo Chiefs inadziwa chimene ikulipira. Pa masewero otsegulira a chaka chatha Jones anali pa mkangano wa malipiro, anaonerera ali m'chipinda cha pamwamba pa bwalo, ndipo Chiefs inagonja 21-20 kwa Detroit. Mu Super Bowl, pa nthawi yoonjezera, ndi iye amene anathyola khoma la San Francisco pa mpata wachitatu, quarterback wawo Brock Purdy n'kuponya mpira mwamantha osafika kwa munthu amene anali yekha, ndipo 49ers inakhutira ndi mapointi 3 m'malo mwa touchdown. Chimene chimamusiyanitsa ndi ena si ma sack 10.5 a chaka chatha. N'chakuti saima malo amodzi. Amayendayenda pa khoma ngati munthu wogogoda mavwende pamsika, akapeza lofewa amakhazikika pomwepo. Akaona Faalele akuchedwa kusuntha mapazi adzaima pamaso pake. Akaona Rosengarten walowa adzatuluka n'kukaima kumapeto. Ravens ikamuikira anthu awiri, George Karlaftis, amenenso anali ndi ma sack 10.5, adzatsala ndi munthu mmodzi.

Phokoso nalo ndi wosewera. Mu 2014 masapota a pa Arrowhead anakuwa mpaka madesibelo 142.2, mbiri ya dziko lonse pa mabwalo a zamasewero. Pakwawo quarterback amafuula mawu oyambitsira mpira ndipo khoma lonse limadzuka limodzi, oteteza asanadziwe. Koma pa Arrowhead mawu samveka ngakhale kwa munthu amene wayandikana nawe phewa. Alendo amagwiritsa ntchito zizindikiro: wina amasuzumira m'mbuyo, akaona quarterback wakweza phazi amagwira ntchafu ya wapakati, ndipo wapakatiyo amagwedeza mutu asanatulutse mpira. Onse asanu ayenera kuyang'ana mpira ndi diso limodzi, mdani ndi diso lina. Kuchedwa kwa kuphethira kumodzi kumakwanira kuti Jones adutse. Kufulumira nakonso ndi mlandu, mayadi 5 m'mbuyo.

Kenako pali Steve Spagnuolo, mphunzitsi wa gulu loteteza la Chiefs, amene watenga Super Bowl kanayi pa udindo umenewu, kamodzi ndi New York Giants ndi katatu ndi Chiefs. Chida chake ndi blitz, kutumiza anthu oonjezera kukaukira quarterback, ndipo amakonda kuwatumiza kuchokera kumene sukuyembekezera. Amaimika anthu asanu ndi awiri pamzere ngati onse akubwera, mpira ukayamba atatu amabwerera m'mbuyo, wina wamng'ono amene anali kutali n'kutulukira pakona. Khoma la akuluakulu limasokonezeka nazo, nanji la anthu amene sanaseweretsepo limodzi. Spagnuolo amamudziwanso John Harbaugh, mphunzitsi wamkulu wa Ravens mu 2024. Onse awiri anagwira ntchito pansi pa Andy Reid, mphunzitsi wamkulu wa Chiefs, pamene anali ku Philadelphia, ndipo Spagnuolo anakhalapo ku Baltimore mu 2013 ndi 2014.

Derrick Henry ndi Nick Bolton

Mankhwala a blitz ndi kuthamanga ndi mpira, ndipo n'chifukwa chake Ravens inakatenga Derrick Henry ku Tennessee Titans pa kontirakiti ya zaka ziwiri ya madola 16 miliyoni. Anthu a ku Baltimore amamudziwa bwino mowawa. Mu Januwale 2020, chaka chimene Ravens inapambana masewero 14 mwa 16, Henry anabwera pakwawo n'kuthamanga mayadi 195, Titans n'kuwatulutsa 28-12. Koma nkhaniyo ili ndi mchira: sabata yotsatira, pa Arrowhead pomwepa, ana a Spagnuolo anamutsekera pa mayadi 69 okha. Chaka cha 2020 anathamanga mayadi 2,027. Pano ali ndi zaka 30, msinkhu umene othamanga ambiri amayamba kutsika, komabe chaka chatha anapeza mayadi 1,167 kuseri kwa khoma lofooka la Tennessee.

Henry ndi wamtali masentimita 191, wolemera makilogalamu 112, thupi la munthu woteteza osati wothamanga. Akatenga liwiro, kumugwira ndi manja okha n'kudzipweteka. Koma amafuna masitepe atatu kapena anayi kuti injini itenthe. Ukamugunda asanadutse khoma amagwa ngati wina aliyense. Apa ndi pamene nkhani yake ikulumikizana ndi ya Vorhees ndi Faalele: iwo akakankhidwira m'mbuyo, Henry ndi munthu wamba.

Chimene Henry sanakhalepo nacho ku Tennessee ndi quarterback woopsa ndi miyendo. Jackson anathamanga mayadi 1,206 mu 2019, mbiri ya ma quarterback onse, ndipo chaka chatha anathamanga 821. Taonani mmene Ravens imachitira. Jackson amalandira mpira n'kuulowetsa pamimba pa wothamanga, koma osausiya. Maso ake amakhala pa woteteza mmodzi wa kumapeto amene amamusiya dala osamutchinga. Woteteza uja akalowa mkati kuthamangira Henry, Jackson amausolola mpira n'kuzungulira kunja. Akaima kudikira Jackson, mpira umatsala kwa Henry amene tsopano ali ndi munthu mmodzi wochepa pa njira yake. Zonsezi zimachitika pasanathe sekondi imodzi. Amene ayenera kuwerenga zimenezi ndi kukonza anzake ndi Nick Bolton wa Chiefs, linebacker wa pakati, kapena kuti woteteza woima kumbuyo kwa anzake a pamzere woyamba, amene amamva malangizo a Spagnuolo pa wailesi ya m'chisoti, mothandizana ndi Drue Tranquill ndi Leo Chenal. Bolton sakhala wamkulu thupi poyerekeza ndi Henry, koma amanunkhiza kumene mpira ukupita ndipo amafika msanga. Vuto limene lingakhalepo kwa Ravens n'lakuti Henry anazolowera kuima patali kumbuyo kwa quarterback n'kubwera molunjika, pamene kaseweredwe ka Jackson nthawi zambiri kamafuna wothamanga aime pambali pake. Todd Monken, mphunzitsi wa gulu loukira la Ravens mu 2024, ayenera kupeza pokumanira awiriwa. Ndipo ayenera kudekha, chifukwa Henry amatha kupeza mayadi awiri, atatu, awiri, kenako 40 oteteza atatopa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mu Januwale Monken sanadekhe.

Travis Kelce ndi Kyle Hamilton

Mbali inayo, nkhondo yokoma kuonera ndi ya nambala 87, Kelce wa Chiefs, ndi nambala 14, Hamilton wa Ravens. Kelce ndi tight end, udindo wa munthu amene amatchinga ngati wa pa khoma komanso kulandira mpira ngati wothamangira kunja. Oteteza aang'ono amawaposa thupi, aakulu amawaposa nzeru. Hamilton ndi safety, woteteza woima kumbuyo kwa onse, wa masentimita 193 wa zaka 23, amene anabadwira pa chilumba cha Crete ku Greece kumene bambo ake ankasewera basketball. Anthu otere ndi osowa, ndipo chaka chatha anasankhidwa m'gulu la osewera abwino koposa a ligi atalanda mipira inayi ndi kupanga ma sack atatu. Ngati pali munthu amene anapangidwira kutseka Kelce, ndi iyeyu.

Komabe taonani zimene zinachitika mu Januwale. Pa ulendo woyamba wa Chiefs, mayadi 19 kuchokera kumapeto, Kelce anathamangira pakona Hamilton atamumatirira ngati nkhupakupa. Panalibe mpata. Mahomes anaponya mpira motsika, chakumbuyo kwa phewa la Kelce, pamalo pamene dzanja la Hamilton silikanafika. Kelce anatembenuka akugwa chagada n'kuugwira. Hamilton sanalakwitse kanthu, ndipo touchdown inalowa. Tsiku limenelo Mahomes anaponyera Kelce maulendo 11, Kelce n'kugwira onse 11, mayadi 116, n'kudutsa mbiri ya Jerry Rice ya mipira yogwidwa m'masewero a ndime zotsiriza. Zambiri mwa izo sizinali pa Hamilton. Reid ankamusuntha Kelce mpira usanayambe kuti agwere kwa munthu wina, kapena kuti apeze kampata pakati pa oteteza awiri amene aliyense akulondera dera lake. Luso la Kelce lagona pamenepo: sathamanga njira imene inajambulidwa, amaima pamene paonekera danga, ndipo Mahomes amadziwa kale kuti aima pamenepo.

Kelce akwanitsa zaka 35 mu Okutobala. Chaka chatha anapeza mayadi 984, koyamba kulephera kufika 1,000 patatha zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana. Ravens ingathe kumuika Hamilton pa iye masewero onse, koma potero idzataya Hamilton amene amaukira quarterback ndi kutseka othamanga. Kampata kamene Reid adzafunefune kali pambali pa Roquan Smith, linebacker wa Ravens. Mnzake wa chaka chatha, Patrick Queen, anapita kwa adani awo a Pittsburgh Steelers, ndipo malo ake atenga Trenton Simpson amene chaka chatha anasewera pang'ono chabe. Yembekezerani kuona Kelce ndi Rashee Rice, amene anagwira mipira 79 m'chaka chake choyamba, akudutsadutsa pamaso pa mnyamatayu.

Ndipo munthu amene adzasankhe zonsezi ndi mlendo pa mpando. Gulu loteteza la Ravens la 2023 linatsogola ligi pa mapointi ochepa olowetsedwa, pa ma sack amene anali 60, ndi pa kulanda mipira, zinthu zitatu zimene palibe timu inazichitapo chaka chimodzi. Ngakhale mu Januwale muja Chiefs sinapeze pointi iliyonse itabwera kopuma. Mmisiri wake, Mike Macdonald, tsopano ndi mphunzitsi wamkulu wa Seattle Seahawks, ndipo omuthandiza awiri, Anthony Weaver ndi Dennard Wilson, anapita ku Miami ndi Tennessee. Watsala Zach Orr wa zaka 32, amene anali linebacker wa Ravens mpaka madokotala atapeza vuto lobadwa nalo m'khosi mwake, n'kusiya kusewera mu 2017 atangoyamba kutchuka. Pamene Reid ankakhala mphunzitsi wamkulu ku Philadelphia mu 1999, Orr anali mwana wa zaka 6. Osewera amamukonda ndipo kaseweredwe amakadziwa, koma kusankha chochita m'masekondi ochepa Reid akukusinthira zinthu ndi ntchito imene adzaiyambire usiku umenewu.

Liwiro latsopano ndi khomo lakumanzere

Chiyambire pamene wolandira mipira waliwiro Tyreek Hill anapita ku Miami mu 2022, Chiefs yakhala ikupambana ndi mipira ifupiifupi. Chaka chatha olandira ake anagwetsa mipira yambiri kuposa a timu ina iliyonse, ndipo Mahomes analandidwa mipira 14, yochuluka kuposa chaka china chilichonse cha moyo wake wa mu ligi. Yankho lawo ndi Xavier Worthy wa kukoleji ya Texas, amene mu Malichi anathamanga mayadi 40 pa masekondi 4.21, kuswa mbiri ya John Ross ya 4.22. Amalemera makilogalamu 75 okha, ndiye funso ndi lakuti atani oteteza a Ravens Marlon Humphrey kapena Brandon Stephens akamugwira pachifuwa asananyamuke. Reid adzayesetsa kuti asagwidwe, pomuthamangitsa chopingasa mpira usanayambe. Ravens nayo ili ndi mphenzi yake, Nate Wiggins, amene anathamanga 4.28 pa mayeso omwewo. Ngakhale Worthy atagwira mipira iwiri yokha, ntchito yake idzakhala itatheka ngati ma safety abwerera m'mbuyo pomuopa, chifukwa pakati padzatsala poyera kwa Kelce. Marquise Brown, amene anayambira ku Ravens ndipo ndi mnzake wa Jackson, anasainanso ku Chiefs koma anavulala fupa la pakati pa phewa ndi chifuwa pa masewero okonzekera, ndipo sadzakhalapo.

Chiefs nayo ili ndi pake pofewa. Kumanzere kwenikweni kwa khoma, malo otchinga msana wa Mahomes kumene iye saona, aikako Kingsley Suamataia amene wangochoka kukoleji ya BYU. Kumanja kuli Jawaan Taylor, amene chaka chatha anaimbidwa milandu yambiri kuposa wosewera aliyense mu ligi. Odafe Oweh ndi Kyle Van Noy a Ravens adzasinthanasinthana pa awiriwa, ndipo popeza Jadeveon Clowney anapita ku Carolina, ino ndi nthawi yoti Oweh aonetse chimene anamusankhira mu ndime yoyamba mu 2021. Pakati pokha ndi polimba: Joe Thuney, Creed Humphrey ndi Trey Smith ndi atatu abwino koposa amene timu ingakhale nawo, ndipo adzalimbana ndi Justin Madubuike, mwana wa makolo ochokera ku Nigeria, amene anapanga ma sack 13 chaka chatha. Kusiyana kwa matimu awiriwa n'kwakuti Mahomes ali ndi pothawira. Mdani akabwera cha kumapeto, iye amalowa kutsogolo kumene kuli kolimba. Jackson mdani wake adzachokera pakati penipeni, njira yaifupi kwambiri yofikira kwa quarterback.

Sneed, amene anamenya mpira uja m'manja mwa Flowers, anagulitsidwa ku Tennessee mu Malichi. McDuffie, amene chaka chatha ankasewera mkati ndi kuukira quarterback, tsopano atuluka kunja, ndipo mwina ndiye adzalondole Flowers. Mbali inayo idzakhala ya Jaylen Watson kapena Joshua Williams. Koma ndikukhulupirira kuti Ravens idzaluma kwambiri ndi ma tight end ake awiri. Mark Andrews anavulala kakolo mu Novembala atagwetsedwa ndi munthu amene anamugwira m'chiuno n'kumugwera pamiyendo, kagwetsedwe kamene ligi yakaletsa chaka chino, ndipo iye kulibe Likely anaonetsa kuti si wa pa benchi. Onse awiri akalowa limodzi ndi Henry, Spagnuolo ayenera kusankha. Akalowetsa akuluakulu kuti atseke Henry, Likely awathawa. Akalowetsa aang'ono aliwiro, Henry awaponda.

Pali chinthu china chimene ngakhale oonera akale adzachiona koyamba pa masewero enieni. Mu 2024 ligi inasintha kayambidwe ka mpira pofuna kuchepetsa kugundana kwa anthu othamanga mtunda wautali. Womenya adzaima yekha pa mzere wa mayadi 35 kumbali kwake, anzake 10 adzafola pa mzere wa 40 kumbali ya adani, pafupi ndi owatchinga, ndipo palibe wa iwo wosuntha mpaka mpira utagwidwa kapena kugunda pansi. Ukapitirira mpaka kumapeto, lamulo la 2024 linali lakuti olandira ayambire pa 30. Omenya ndi Justin Tucker wa Ravens, amene anaswa mbiri pomenya wa mayadi 66 mu 2021, ndi Harrison Butker wa Chiefs amene anamenya wa mayadi 57 mu Super Bowl yapitayi. Tucker ndi yemwe uja Kelce ndi Mahomes anamutayira chisoti ndi zipangizo zake pokonzekera masewero a Januwale, pokangana malo oyeserera.

Masewero oyamba amanama kawirikawiri. Chiefs inagonja oyamba chaka chatha n'kudzatenga chikho, ndipo aphunzitsi ambiri sasewezetsa akatswiri awo mu Ogasiti, choncho milandu ndi zolakwa zimachuluka. Koma pali zimene zidzaoneke zenizeni. Ravens ikafika pa mpata wachitatu kutatsala mayadi 7 kapena 8, bwalo likuwira, chotsani maso pa Jackson, mufunefune nambala 95, muone ngati waima pamaso pa nambala 77 wa Faalele kapena 72 wa Vorhees, ndipo muone ngati Linderbaum akutembenukira komweko kukathandiza. Ndipo Chiefs ikadzatsogola ndi mapointi 10, ine ndidzayamba kuwerenga maulendo amene Henry akupatsidwa mpira kuyambira pamenepo.